Dzino la Ipyana

Lonjezolo ndinalipereka nditakhala pa ngolo, chaka cha 1998, ng'ombe ziwiri zikutikoka kuchoka kumudzi kwathu ku Lupembe kupita kumsewu wa tala. Ine ndinkapita ku koleji ku Zomba. Mnzanga Ambokile ankangondiperekeza, ngakhale kuti mayeso a Fomu 4 anakhoza bwino kundiposa. Bambo ake anali atamwalira dzinja lomwelo, ndipo ng'ombe ndi minda ya mpunga sizidikira munthu kuti akamalize digiri. Ndinamumvera chisoni, chisoni chokoma cha munthu amene zake zayenda. Ndinamuuza kuti mwana wake woyamba, kaya wamwamuna kaya wamkazi, ndidzamutenga ine ndi dzanja langali mpaka pa geti la koleji. Iye anangoti tamva, n'kukwapula ng'ombe ya kumanzere.

Ndinabwerera patapita zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndili ndi masutikesi awiri, ina ya mabuku okhaokha. Ndinali nditadutsa Zomba, Joni, kenako Mangalande, kumene ndi madigiri anga awiri a mbiri yakale ndinatha zaka khumi ndi zinayi ndikusambitsa nkhalamba za eni. Nsagwada ya munthu wakale imene anaifukula ku Uraha ndinaiona koyamba m'buku, mu laibulale ya ku Leeds. Iyo inagona kwathu zaka zoposa mamiliyoni awiri osasuntha, akatswiri n'kuchita kuilondola. Ine ndinayendayenda, ndipo palibe anandilondola.

Ambokile ndinamupeza atanenepa khosi. Mgodi wa ku Kayelekera utatsegulidwa analembedwa ntchito yoyendetsa thanki ya madzi, ndipo utaima anatsika phiri n'kugula chigayo cha mpunga. Tsopano anali ndi zigayo ziwiri, lole, ndi nyumba ya malata obiriwira. Ng'ombe zake ndinayesa kuziwerenga tsiku lina zikulowa m'khola, ndinalekera panjira. Komabe chimene chinandibaya kwambiri si lole. Anandilonjera m'Chinkhonde, ine n'kuyankha, ndipo atamva mmene lilime langa linkapunthwira anasinthira ku Chichewa, chilankhulo chimene kwathu timasungira anthu a m'maofesi ndi alendo. Kuyambira tsiku limenelo nyumba yonse inkandilankhula Chichewa.

"Mwafika nthawi yabwino, a Pulofesa," anatero. "Mwana wanu uja akukana sukulu."

Mwanayo anali Ipyana, woyamba wake, wa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Dzina lake linali litatuluka pa mndandanda wa osankhidwa kukaphunzira zaulimi ku Lilongwe, ndipo panatsala masabata atatu kuti akalembetse. Sankakana kwenikweni. Ankazengereza. Chigayo cha ku Lupembe ankachiyendetsa ndi iyeyo kuyambira patchuthi cha Fomu 2, ndipo ankafunsa aliyense womukakamiza kuti kodi ku Lilongweko akamuphunzitsa chiyani chimene mpunga sunamuphunzitse. Ambokile anati iye walankhula mpaka malovu kuuma, amayi ake a mwanayo alankhula, abusa alankhula. Anatsala ndine, mwini lonjezo.

Ndinayamba kupita ku chigayo m'mawa uliwonse, ati kukamulimbikitsa. Zoona zake, ndinkakaonerera dzino lake. Mpunga ukakhala kuti sunaume bwino, chigayo chimauphwanya, ndipo m'malo mwa njere zazitali za Kilombero zimene ogula a ku Lilongwe amalimbirana, mumatuluka zidutswa zoyenera nkhuku. Choncho thumba lililonse likafika, Ipyana ankapisa dzanja mpaka m'chigongono, n'kutola njere imodzi ya pakati penipeni, n'kuiluma. Ikalira kuti khe, thumba linkalowa. Ikaphwanyika mwakachetechete, mwini wake ankabwerera nalo padzuwa, akhale mkulu wa mpingo kapena azakhali ake enieni. Amuna a imvi ankaima chilili kudikira chigamulo cha dzino la mtsikana. Ine palibe munthu anadikirapo mawu anga chomwecho, ngakhale nkhalamba zija ndinkazisambitsa.

Lachitatu lina Ipyana anabweza matumba asanu ndi limodzi a mayi Eliness, mlimi wa kutsidya kwa msewu, kuti akawayanike tsiku limodzi lina. Kenako anakwera minibasi kupita ku boma kukafuna lamba wa chigayo. Mayi Eliness sanachoke. Anakhala pa thumba n'kuyamba kudandaula kuti mpungawo ndi wa ukwati wa mwana wawo Loweruka, kuti mitambo ikuopseza, kuti ana a masiku ano alibe chisoni. Atandiona anandifunsa ngati sindine mwana wa malemu a Manase, amene ndili wamng'ono ndinkapirikitsa mbalame m'munda woyandikana ndi wawo. Anali munthu woyamba kundizindikira popanda kuuzidwa.

Ndinapisa dzanja m'thumba, pamwamba pomwe, pamene dzuwa linali litawomba m'mawa wonse. Ndinaluma. Ndinamva ngati yalira.

Ndinauza Kenan, bambo amene ankayendetsa makina, kuti mpungawo ndi wouma, augaye. Kenan anakanda m'mutu, n'kuyang'ana kumsewu kumene minibasi inalowera. Ndinamukumbutsa kuti ine ndinayamba kuluma mpunga Ipyana asanabadwe. Abwana ake a Ambokile anali atamuuza kuti ndine m'bale wawo ndiponso munthu wophunzira, choncho anayatsa makina.

Matumba onse asanu ndi limodzi anatuluka zidutswa. Mayi Eliness anatapa m'manja, n'kuyang'ana, n'kuyamba kulankhula m'Chinkhonde chothamanga chimene ndinachimva bwino lomwe, liwu lililonse.

Ambokile atafika anaseka mpaka kugwira khoma. Analamula Kenan kuti apatse mayiwo mpunga wabwino wa m'nkhokwe yake, zidutswazo zikhale za nkhuku za kunyumba. Sanandikalipire. Ndikanakonda akanandikalipira.

"Madigiri awiri, dzino la mwana wa mkaka," anatero akupukuta misozi. "Musadandaule a Pulofesa. Nkhuku zanga sizinadyepo Kilombero wogayidwa ndi munthu wa ku Leeds."

Ipyana yekha ndiye sanaseke. M'mawa mwake anandipeza nditakhala pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi pamene amayanika mpunga, ndipo anandionetsa mofatsa, ngati akuphunzitsa mwana, kuti njere imatengedwa pakati pa thumba chifukwa ya pamwamba imanama. Kufatsa kwakeko kunandiwawa kuposa kuseka kwa bambo ake. Kenako anakhala pa chidebe.

"Ankolo, mundiuze zoona, osati zimene adada akutumani. Mukanakhala ine, mukanapita?"

Ndinamuuza zoona. Ndinamuuza za anyamata ovala mataye amene ndinawaona ku Lilongwe akuzungulira maofesi ndi maenvulopu a khaki mpaka nsapato kutha. Ndinamuuza za mnzanga wa ku Zomba amene anakhoza kuposa tonse, lero akugulitsa kaunjika. Ndinamuuza chimene sindinauze munthu aliyense ku Lupembe, ntchito yeniyeni imene ndinkagwira ku Mangalande, magolovesi ndi beseni. Ndinati dzino ngati lake limafa ndi zaka zinayi za buledi ndi tiyi, ndipo umboni wake anauona yekha dzulo. Ndinati munthu ukachoka, kwanu kumatsekeka ngati madzi ukachotsamo phazi.

Palibe bodza limene ndinanena. Koma sindinamuuze za tsiku loyamba limene ndinalowa mu laibulale ya ku Zomba, mmene ndinaimira pakati pa mashelefu. Sindinamuuze kuti ngakhale ndi beseni lija, sindingasinthanitse zimene ndinawerenga ndi lole ya bambo ake. Sindinamuuze kuti mtsikana wa dzino lotero akadzaphunziranso za mbewu ndi nthaka, Karonga yense adzamuimirira. M'mudzi monsemo ndinali ndi chinthu chimodzi chokha chimene nyumba ya Ambokile inalibe: madigiri aja.

Ipyana anaseweretsa njere m'manja. Kenako anati mwina adzapita chaka chamawa. Ndinkadziwa kuti malo a ku koleji si mpunga wa m'nkhokwe woti n'kuusunga, koma ndinangogwedeza mutu.

Ambokile anandipeza Loweruka masana, anthu onse atapita ku ukwati wa kwa mayi Eliness. Ulemu wa chipongwe uja anali atausiya.

"Wamuuza chiyani mwana, Allan?"

"Zoona."

"Zoona ndili nazo zambiri kuno, zodzaza khola. Ndimafuna umuuze zimene ine sindikuzidziwa."

Anakhala pa khonde pafupi nane. Anati sutikesi anagula kale m'sitolo ya Swaleh ku boma, ili pansi pa bedi, pamodzi ndi bulangete ndi nsapato. Anati tsiku lija atanditsitsa pamsewu sanabwerere kumudzi msanga. Anaimika ngolo mpaka basi inasowa, ng'ombe zikudya udzu wa m'mbali mwa tala. Anati mpaka lero akamadutsa pamenepo ndi lole amachepetsa liwiro, osadziwa chifukwa chake.

"Masamu ndinkakuposa, ukukumbuka?"

Ndinati ndikukumbuka.

Anandiuza kuti Lolemba lole ikupita ku Lilongwe ndi mpunga, ndipo Lachiwiri ndi tsiku lomaliza kulembetsa. Kutsogolo kumakwana anthu atatu: dalaivala, ine ndi mwanayo. Anati Ipyana samvera iye chifukwa sanapiteko ku koleji, samvera abusa chifukwa abusa amalimbikitsa chilichonse, koma ine wandimvera kale kamodzi.

"Liwu limodzi lokha. Ukangoti tiye, akwera."

Lolemba m'mawa ndinavala jekete n'kupita ku chigayo. Matumba anali atapakiridwa kale, Kenan akumanga zingwe. Ambokile anali atabweretsa sutikesi ija n'kuiika pakhomo la chigayo, pepala la mtengo likadali pa chogwirira. Ipyana anali atavala diresi ya kutchalitchi ndi nsapato zatsopano, koma pamwamba anamanga chitenje chake cha ntchito, chotuwa ndi gaga. Alimi atatu anali atafika kale ndi matumba pa njinga, akumudikira. Anayang'ana sutikesi, anayang'ana alimiwo, kenako anayang'ana ine.

Dalaivala analiza hutala. Ambokile anandiyang'ananso.

Ndinaloza thumba la mlimi woyamba n'kufunsa Ipyana ngati mpungawo unali wouma. Anapinda mkono wa diresi n'kupisa dzanja m'thumba mpaka m'chigongono.

Lole inanyamuka nthawi ya eyiti, kutsogolo kuli dalaivala yekha. Mwana woyamba wa Ambokile sindinamutengere ku koleji.