Kagalimoto ka Zitseko Ziwiri

Laisensi anaitenga mwezi wathawu, koma Namwino anali asanayendetsepo galimoto yekhayekha popanda mphunzitsi pambali. N'chifukwa chake anapempha achimwene ake kuti amuperekeze kukagula yakale. Ankafuna kakang'ono, kosamwa mafuta, komufikitsa kuchipatala nthawi yabwino. Za minibasi zinali zitamukwana: kuima pasiteji mpaka miyendo kuwawa, kenako kufika muwodi mkulu wa anamwino akumuyang'ana ngati waba mankhwala.

Achimwenewo anali ndi golosale, ndipo anali a mtundu uja woti zako n'zathu, zawo n'zawo. Firiji ya mlongo wawoyu anaibwereka kalekale, mpaka lero ikuziziritsa zakumwa m'golosalemo.

Kumalo ogulitsirako magalimoto anali atandanda mumpanda wa malata, matayala atapakidwa polishi kuti aoneke atsopano. Wogulitsa, bambo wa mimba yotsogola, anathamangira achimwene ndi manja awiri. Koma Namwino, bamboyo anangomugwedezera mutu ngati mwana wobwera ndi makolo.

Achimwene sanayang'ane n'komwe timagalimoto tating'ono. Analunjika pa chigalimoto chotuwa chachitali kumbuyo, natsegula buti, nagonetsa mipando. Kenako anapisa m'thumba n'kutulutsa tepi yoyezera. Anayeza m'litali, anayeza m'lifupi, akung'ung'udza.

"Makireti alowa bwinobwino. Shuga pamwamba."

Namwino anamva kutentha m'makutu. Munthu sayenda ndi tepi mwangozi. Ndiye kuti anaitenga dala m'mawa, akudziwa chimene akukayeza.

"Achimwene, makireti a chiyani? Ine ndimanyamula kachikwama basi."

"Iwe khala chete, sudziwa magalimoto. Loweruka sugwira ntchito, ndiye izingokhala padzuwa? Ndizikaodera katundu. Lamlungu alamu ako ndi ana kutchalitchi."

"Nanga ndikakhala pa ntchito Loweruka?"

"Minibasi zatha?"

Wogulitsa anaseka mokweza, chifukwa chigalimotocho chinali chitakhalitsa pamenepo ndipo ankafuna chichoke.

Namwino anawasiya n'kupita kukona, komwe kunali kagalimoto kofiira ka zitseko ziwiri. Kumbuyo kwake mwana wamkulu akanakhala mawondo ali pachibwano. Anakaliza, nakazungulitsa mumpandamo pang'onopang'ono. Injini inkamveka bwino, mabuleki ankagwira.

"Ndikutenga aka," anatero.

"Madamu, kameneko n'kachidole," anatero wogulitsa, maso ali pa achimwene.

"Wolipira ndine, bambo. Muziyang'ana kuno."

Achimwene anafika nkhope itachita thinya. "Kameneka ndi kagalimoto ka munthu wopanda abale. Chibale n'fupa, iwe, sichiola. Waiwala amene anakusunga uli kusukulu?"

"Sindinaiwale. Mumandikumbutsa mwezi uliwonse."

"Mwano! Kalaisensi ka dzulodzuloka kakutupitsa mutu. Chabwino, gula. Koma ine sindikwera. Ukatulutse wekha pamsewupo tione."

Apa m'pamene anamugwira pakhosi, ndipo iwo ankadziwa. Geti la mpandawo linali lopapatiza, lokwera kamtunda, ndipo linkatulukira pamsewu waukulu pomwe malole ndi minibasi zinkadutsa ngati zathawa moto. Namwino anamaliza kusaina mapepala n'kulowa m'kagalimoto kake. Achimwene anali ataima panja pa geti, atapinda manja, akudikira kuti awaitane.

Namwino anafika pageti, naponda kilachi, nalowetsa giya. Injini inazima. Analizanso, kagalimoto kanadumpha ngati chule, n'kuzimanso. Anyamata otsuka magalimoto anasiya zidebe kudzaonera. Thukuta linamutsika pamsana.

Achimwene anabwera pawindo, dzanja lili tambasu. "Bweretsa makiyi, usatichititse manyazi."

Kunena zoona Namwino anafuna kupereka. Zikanakhala zosavuta kusuntha n'kukhala mpando winawo. Koma ankawadziwa achimwene ake. Akanamufikitsa kunyumba bwinobwino, n'kunena kuti, "Ndikasunge kwathu mpaka uzolowere," ndipo Lolemba akanapezekanso pasiteji, makiyi ali m'thumba la wina.

Anakweza galasi la windo.

Mpata utaoneka kumbuyo kwa lole, anaponda mafuta mopitirira muyeso, nakhota msanga. Chitsulo cha geti chinagwira m'mbali mwa kagalimotoko n'kulira kwiii! kuyambira pachitseko mpaka kumbuyo. Anyamata aja anagwira m'mutu. Achimwene anaomba m'manja, akufuula kuti msewu wonse umve:

"Mwaona? Sikanathe ndi tsiku lomwe!"

Minibasi inamuimbira hutala, kondakitala akutukwana. Namwino sanaime. Misozi inali kutsika, ndipo ankadziwa kuti madzulo foni ya amayi ilira, mlandu utafika kale wokometsedwa. Analowetsa giya yachiwiri, kenako yachitatu.

Atafika kunyumba anatsika, nayendetsa chala pamzere woyera umene chitsulo chija chinasiya, utoto wofiira ukumatirira kuchikhadabo. Unali wautali ndithu, wonyansa. Koma kagalimotoko kanali kake, ndipo panalibe aliyense woti akamupepese.