Mazira mu Rediyeta

Amene anapha pikapu ya Mayi Mazira ndi mlamu wawo, mng'ono wa malemu amuna awo. Anaipha ndi mazira aawisi ndi kachidutswa ka tepi yakuda. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa kuchimuna nkhaniyi akuinena chozondoka, ati galimoto inafa ndi nkhanza za mkazi wamasiye.

Dzina loti Mayi Mazira linachokera ku ntchito yawo. Iwo ndi amuna awo ankagula mazira kwa oweta nkhuku n'kumakapereka m'magolosale. Bambo ankayendetsa, mayi ankakhala pambali n'kumacheukira katundu kumbuyo. Bambo atamwalira, pikapu inatsala, ana anatsala, koma mayi sankadziwa kuyendetsa. Apongozi awo anati mlamu ndiye azigwira chiwongolero, poti ankangokhala, komanso chinthu cha mkulu wake sichingayendetsedwe ndi mlendo. Mayi sanatsutse. Misozi inali isanaume.

Tsiku lina masana, ataima pamzere wa magalimoto pafupi ndi msika, kagetsi kofiira kanayaka padashibodi. Singano yoonetsa kutentha kwa injini inali itakwera kudutsa pakati.

"Alamu, ako n'kachiyani?"

"Kakungotipatsa moni, alamu. Inu ziyang'anani mazira, za galimoto musiyire amuna."

Mayi anati malemu akaona singano yakwera chotero ankapatukira pambali n'kuzimitsa injini. Mlamu anaseka. Anati mkulu wake anali wamantha, ankaima ngakhale ntchentche ikatera pagalasi. Mzere utayamba kuyenda, singano inatsika yokha, kagetsi kanazima, ndipo mlamu anawayang'ana ngati wawina mlandu.

M'mawa mwake mayi akusesa pabwalo anapeza kachithaphwi pansi pa galimoto, cha kutsogolo. Mlamu anati si kanthu, galimoto nayo imatuluka thukuta. Anatsegula boneti n'kuwatuma kuti akatunge madzi m'chigubu. Pobwera anapeza pathireyi yapamwamba pasowa mazira, makoko ali pansi. Anaganiza kuti mlamu wamwa aawisi, poti chizolowezi chimenecho anali nacho. Kuyambira tsiku limenelo pansi pa galimoto panauma, ndipo pakona ya dashibodi paja panangoti bii. Atafunsa, mlamu anati wakonza, kagetsi kaja kanali kabodza.

Inafera pachitunda chachitali chotulukira m'tauni, itasenza mazira odzaza. Choyamba linabwera fungo, kenako mphamvu inayamba kuthawa. Nthunzi inatuluka m'mbali mwa boneti. Mayi anamuuza kuti aime. Mlamu anati angofika pamwambapo, n'kuponda mafuta mpaka pansi. Injini inagogoda ngati munthu akukhoma msomali, n'kuzima.

Mlamu anatsika, anatsegula boneti, anakulunga dzanja ndi chipewa kuti atsegule chivindikiro cha rediyeta. Mayi anamukoka malaya mpaka batani linathothoka. Malemu anawauza kale kuti chivindikirocho satsegula injini ikuwira, madzi ake amasenda nkhope. Nkhope imene mlamu akuyenda nayo lero anamusungira ndi mayi amenewa. Kuchimuna zimenezi sazitchula.

Anaikokera kugaraja ya makaniko wina amene anthu amamutcha a Sipanala. Bamboyu sanathamangire kugwira chilichonse. Anadikira kuti injini izizire, kwinaku akufunsa mafunso. Anafunsa ngati singano inkakwera galimoto ikuthamanga kapena itaima. Mlamu anati siinakwerepo chikhalire. Mayi anati inakwera ataima pamzere, n'kutsika atayamba kuyenda.

A Sipanala anati ngati zili choncho vuto linayambira pa fani. Galimoto ikamathamanga mphepo imaziziritsa madzi yokha, koma ikaima ntchitoyo ndi ya fani. Anatsegula kabokosi ka mafyuzi, anazula kamodzi kochepa ngati chikhadabo, n'kuwaonetsa kawaya kake kodukira pakati. Fani siinkazungulira chifukwa cha kameneko. Kenako anafinya paipi yamadzi yapamwamba, ndipo panaoneka mng'alu pafupi ndi pomangira. Anati madzi atawira anafuna potulukira, kachithaphwi kaja kanachokera pamenepo.

"Mukanabwera tsiku limenelo, mayi, bwenzi mutanyamuka musanamalize kundipatsa moni."

Anasolola kachitsulo koonera oyilo. Oyilo anali atasanduka ngati tiyi wamkaka. Anati madzi alowa m'malo a oyilo, kutanthauza kuti gasiketi, imene imalekanitsa ziwirizi m'kati mwa injini, yapsa. Mwinanso mutu wa injini wapindika ndi moto, zimenezo adziwa akaimasula.

Koma sanakhutire. Anati fyuzi ndi mng'alu pazokha sizingawiritse galimoto chotero pamsewu woyenda, payenera kuti madzi sankazungulira n'komwe. Anatchera beseni, n'kumasula paipi yapansi ya rediyeta. Madzi anatuluka pang'onopang'ono, a dzimbiri, kenako kunagwa zibulumwa zoyera zonyerenyetsa. Fungo lake Mayi Mazira sakanalisokoneza ndi china chilichonse. Amalidziwa kuyambira kale.

"Mayi, galimoto yanuyi mumaiphikira?" anafunsa a Sipanala.

Anafotokoza kuti madalaivala ena akaona rediyeta ikudontha amaswera dzira m'menemo. Dzira likapsa limamata pobowoka, munthu n'kufika pagaraja. Koma dzira silisankha bowo. Limamatanso timapaipi tating'ono ta m'rediyeta, ndiye ukapitiriza kuyenda nalo madzi amangoima malo amodzi n'kumawira.

Chimene chinawadabwitsa a Sipanala n'chakuti kagetsi sikanachenjeze. Analowa m'galimoto, anaunika dashibodi ndi foni, anakanda pakona ndi chala. Tepi yakuda inamatuka, yodulidwa bwinobwino, yokwana kubisa kagetsi ndi singano yomwe. Anatembenuza kiyi, kagetsi kanayaka, kofiira ngati kale. Anaimata tepiyo pachikhatho cha mayi.

Mlamu anati aliyense amatero, ndipo kagetsiko kankawachititsa mantha alamu ake pachabe. Kenako anati akupita kaye kuseriku. Sanabwerenso. Mazira a tsikulo mayi anawatula okha n'kuwakweza pa galimoto ya munthu wina, ambiri atasweka kale pokoka paja.

Loweruka achimuna anabwera kunyumba. Anadzaza pabalaza: apongozi pampando wa malemu, amalume a malemu pambali pawo, mlamu pakona akusewera ndi foni. Amalume ndiwo analankhula. Anati galimoto inali yokalamba, ndipo mayi ankaisenzetsa katundu ngati bulu. Anati mnyamatayu anayesetsa ndi nzeru zimene anali nazo. Tsono banja lagwirizana kuti mayi apereke makiyi, mlamu aichotse kugaraja, aikonze pang'onopang'ono ndi anzake, izikhala kwa iye, poti zaoneka kuti munthu wamkazi sangasamale chitsulo.

Mayi anafunsa kuti ana azidya chiyani. Apongozi anati mazira angathe kuyenda pamutu, ena amatero.

Mayi anadzuka n'kupita kukhitchini. Onse anakhala bwino, poganiza kuti kukubwera tiyi. Anabwera ndi mbale yadothi ya alendo, yovindikira, anagwada monga mwa nthawi zonse, n'kuiika patebulo pamaso pa apongozi. Amalume anavundukula. Munali zibulumwa zija za mu rediyeta, zimene mayi anazisunga m'jumbo, ndipo pamwamba pake panali tepi.

"Ophika ndi mwana wanu, amayi. Ine ndangopakula."

Fungo linadzaza nyumba. Apongozi anatseka mphuno ndi nsalu. Amalume anabweza chivindikiro msanga, anati chibadwire sanaonepo mwano wotere.

"Alamu, auzeni," anatero mayi, osakweza mawu. "Fyuzi yochepa ngati chikhadabo. Munandituma madzi kuti ndisaone. Munamata kagetsi kuti ndisafunse. Pachitunda ndinati imani, inu munaponda. Auzeni pamene ndanama."

Mlamu sanachotse maso pafoni. Anangoti mkulu wake akanakhalapo sakanalola kuti anyozedwe chonchi. Apongozi atamva dzina la malemu anayamba kulira, ndipo nkhani ya rediyeta inathera pomwepo. Inatsala ya mbale. Ponyamuka amalume anati palibe wa kubanjako adzapondenso pakhomopo mpaka mayi atapita kukagwada kwa apongozi n'kupepesa, makiyi ali m'manja.

Makiyi mayi anawamangirira pachingwe, ali m'khosi mwawo, m'kati mwa bulauzi. Pikapu ikadali kwa a Sipanala, boneti ili yasa, mutu wa injini anautumiza kokaupala kuti uwongoke. Mazira akuyenda pa basi, mathireyi ochepa amene munthu angafukate pamiyendo. Masana mayi amapita kusukulu yoyendetsa galimoto, ndipo mphunzitsi wawo akudandaula kuti amayang'ana kwambiri singano kuposa msewu. Ana akawafunsa chifukwa chimene agogo sabweranso, mayi amawauza kuti agogo akudikira uthenga.

Anthu ena a mumsewu mwathu akuti apite akangopepesa, mawu sadula lilime, ana asataye abale. Akuti mbale ija inaonjeza. Inenso ndinaika mwamuna m'manda, ndipo ndikudziwa kuti mawu amenewa amauza akazi okhaokha. Palibe amene wapita kwa mlamu kukamuuza kuti mawu sadula lilime.

Tsono inu amene mwawerenga, musangotseka n'kupita. Wina anamata getsi lochenjeza kuti mwini wake asaone, wina anaika zimene zinapezekazo m'mbale kuti onse aone. Wokagwada ndani? Ndiyankheni.