Nyumba Nambala 114

Magetsi atathima, Kafula anatseka laputopu, natulutsa kope la ana asukulu ndi mapepala a khodi yakale, malangizo olembedwa oyendetsa pulogalamu yawo ya pakompyuta. Msana unali kuwawa, maso ngati muli mchenga. Ntchito imeneyi inali itamutopetsa mpaka m'mafupa.

Kabungwe kawo ka ku Kanyama kankatumiza anthu apanjinga kukapereka mankhwala a ma ARV kunyumba za odwala, ndipo pulogalamu ya pakompyuta ndiyo inkauza aliyense kolowera. Woilemba anali a Blackson, amene tsopano anali gone kwawo ku komboni ya George, sitiroko itawatseka pakamwa.

Lolemba bwana wake, a Chiti, anamuuza kuti, "Ichedwa maningi pulogalamu iyi. Chosani vonse vosafunika."

Kafula anachotsadi mizere makumi anayi imene sankaona ntchito yake. Pulogalamu inayamba kuthamanga, bwana anasekerera, ndipo mmawa wa Lachinayi limeneli apanjinga ananyamuka nayo yatsopanoyo. Koma mtima wake sunakhale pansi. Safunsa anadya phula, inde, nanga munthu wosalankhula ungamufunse chiyani?

Anangokumbukira zimene a Blackson ankakonda kunena: "Khodi sibabelenga na maso, mwana wanga. Ilembe."

Choncho anayamba kukopera yakaleyo pamanja, mzere ndi mzere, akung'ung'udza. Patsamba lachitatu analemba kuti nyumba nambala 114 isafikiridwe naini isanakwane. Anayasamula. Patsamba lachisanu ndi chiwiri, nyumba 114 isatumiziridwe uthenga pafoni. Dzanja linayamba kuzengereza. Patsamba lakhumi, mankhwala a nyumba 114 aikidwe pansi pa masamba a repu, m'pulasitiki yakuda.

Maso anali ataona mizere itatu yotalikirana yopanda pake. Dzanja ndilo linadziwa kuti lalemba nambala imodzi katatu. Apa m'pamene anazindikira kuti m'nyumbamo munali mayi amene mwamuna wake sankadziwa kuti amamwa mankhwalawo, ndipo mizere yonse itatu Kafula anali ataifufuta.

Anayang'ana nthawi. Hafu pasiti eyiti. Mantha anamugwira, naimbira Shawn, wapanjinga wa dera limenelo.

"Uli kuti?"

"Nafika pa 114, ba Kafula. Bamuna babo bali panja, basuka m'kamwa. Baniyangana."

"Mankhwala yali kuti?"

"Mu chola. Nichose?"

"Iyayi! Kamba ati wasoba njila. Funsa kwamene bagulisa malasha, upite."

Pafoni anamva mawu okhuthala a bambo akulongosola njira mokoma mtima, kenako tcheni cha njinga chikulira. Anauza Shawn kuti agule repu wa faivi kwacha, abwerereko teni ikakwana, bamboyo atachoka. Mauthenga a pafoni ankatuluka masana, ndiye amenewo anali ndi nthawi yowatsekereza.

Kafula anakhala pansi, nagwira mutu kwa kanthawi. Sanasangalale. Pa mizere makumi anayi ija anali atamvetsa itatu yokha.

Ananola pensulo ndi lezala, natsegula tsamba lina.