Chilonda cha a Bulashi

Amene anawalakwira a Bulashi ndi mlamu wawo, mchimwene wa akazi awo, Lachiwiri lina m'mawa chaka chatha. A Bulashi, mmisiri wopenta nyumba yemwe imvi zinali zitamumera kale, anali pamwamba pa makwerero akupaka khoma la sitolo, mlamuyo atagwirira pansi. Foni inalira m'thumba mwa mlamuyo, iye n'kusiya makwerero. Mkuluyo anatsika pamodzi ndi chitini cha penti, lata lomwe linali pansi n'kuwang'amba msongolo. Pofika madzulo mlamu uja anali atauza kale mwini sitolo kuti nkhalambayo inabwera italedzera. Ntchito anaimaliza yekha, makwerero n'kupita nawo kwake.

Chilondacho chinakana kupola. Miyezi inayi chinangokhala yasaa, chikuchucha madzi. Dokotala atachiona anapukusa mutu nati chikapanda kuyamba kutsekeka m'masabata atatu, adzakhala pansi n'kukambirana za mwendowo. A Bulashi sanali mwana, anamva. Wopenta wa mwendo umodzi amapenta chiyani?

Anawatumiza kuchipinda chotsukira zilonda. Munali benchi yokanganuka penti, ndowa ya thonje lakuda, ndi namwino wina wojintcha wa mawu osasa. Iye anamasula bandeji n'kuyang'anitsitsa nthawi yaitali.

"Madala, chilondachi chayera ngati mbale ya mlendo. Amakutsukani ndani kunyumba?"

"Ndekha. Dzanja la munthu sindilikhulupiriranso."

"Mumatsuka bwanji?"

A Bulashi anafotokoza monyada. M'mawa uliwonse ankamasula bandeji, kuthira sipiliti, kenaka kukwecha ndi mswachi wakale mpaka magazi atuluke.

"Khoma sulipaka usanalipale, anesi. Umachotsa zofewa zonse mpaka ufike polimba. Zaka makumi anayi ndakhala ndikuchita zimenezi."

Namwinoyo anaseka mpaka kugwira tebulo.

"Abale inu! Mwendo wasanduka khoma? Bwanji osangoupaka ndi penti yemwe?"

Ataona kuti mkuluyo wakwinya nkhope, anakoka mpando n'kukhala pafupi.

"Tamverani, bambo anga. Thupili linamangidwa ndi tizinthu tamoyo ting'onoting'ono, timati maselo. Pakamwa alibe, koma amalankhulana. Ovulala amatulutsa timadzi, ndiko kukuwa kwawo. Ena oyenda m'magazi akamva timadzito amathamangira kuno kudzadya zonyansa. Akamaliza amatulutsa timadzi tina toitana omanga. Ndiye pali awa." Analoza kamzere kofiirira m'mphepete mwa chilonda, kopyapyala ngati khungu la anyezi. "Awa amakwawa kulowera pakati, uku akuuza anzawo akumbuyo kuti berekanani, kutsogolo kuno kwatseguka. Tsiku lathunthu amangosuntha pang'ono chabe. Kukacha, inu n'kutulukira ndi mswachi."

A Bulashi anayang'anitsitsa kamzereko. Zofewa zomwe ankazipala zija ndiye zinali zimenezi?

"Nanga amadziwa bwanji poimira? Si munthu angamere nyama mpaka kukwekwereza pansi?"

"Akakhudzana ndi anzawo ochokera tsidya linalo amauzana kuti takumana, basi. Onse amaima."

"Mwawamvapo inu akulankhula?"

"Inu munamumvapo penti akuuma?"

Anayala kapulasitiki koonekera pamwamba pa chilondacho n'kulemba malire ake ndi cholembera. Lamulo linali limodzi: bandeji isakhudzidwe, azibwera masiku atatu aliwonse.

A Bulashi anatuluka akung'ung'udza kuti achipatala nthano siziwathera. Koma mwendo unali wawo. Ulendo wotsatira anatenga tepi yawo yoyezera makoma, poti kapulasitiki ka munthu wina kakhoza kunama.

Masiku amenewo anali owawa kuposa kugwa komwe. Manja ozolowera kupala ankangopita okha pabandeji. Akazi awo anabisa mswachi, sipiliti n'kukataya kudzala.

"Abambo ake, mukangokhudza pamenepo ndikumangani manja ndi lamba wanu yemweyo."

Za mchimwene wawo mayiwo sankatchula, a Bulashi nawo osafunsa. Nkhaniyo inkangokhala pakati pawo ngati mpando wothyoka womwe aliyense amaulambalala. Komabe ndi mayi omwewo amene ankawasanjikira mwendo papilo masana, n'kumawaingitsira ntchentche.

Sabata yoyamba tepi sinasinthe kanthu.

"Aja anthu anu aja akangana kapena?" anafunsa a Bulashi. "Kukungoyabwa basi."

"Kuyabwako ndiye phokoso lawolo. Munawamenya miyezi inayi, madala. Mukufuna akukhulupirireni lero lomwe?"

Mawu amenewo anawalowa. Iwonso ankadziwa kuti womenyedwa sabwerera msanga. Kunyumba anakhala pakhonde n'kumaumvetsera mwendowo ukunyerenyetsa, ukukoka, ngati muli gulu la amisiri m'chipinda chotseka. Anadzipeza akulankhula motsitsa.

"Gwirani ntchito, anyamata. Sindibweranso."

"Mukuyankhula ndi ndani?" anafunsa akazi awo ali pawindo.

"Zakuntchito izi, mayi."

Pa sabata yachiwiri namwino anayalanso kapulasitiki kaja. Mzere wa cholembera unatsalira kunja, chilonda chili mkati. A Bulashi anatulutsa tepi. Anayeza, anapukuta maso, anayezanso, kachitatu n'kuwapatsa anesi kuti awerenge okha. Mamilimita anayi. Tizinthu tosaoneka, topanda kapitawo, tinali titaitanizana n'kuyenda mamilimita anayi, popanda kamodzi komwe kosiya kanzake kuti kakayankhe foni.

Dokotala anabwera, anasuzumira, nati zodula mwendo aiwale, ukhala. Panapita miyezi ina iwiri kuti mbali ziwirizo zikumane. Tsiku lomwe zinakumana panatsala chipsera chonyezimira, chosalala moti a Bulashi anachisisita ndi chala n'kuvomereza kuti iwo sakanatha kumaliza bwino chotero.

Mawu oti zikomo ankawalemera mkamwa, poti anali atatha zaka osawagwiritsa ntchito. Choncho Loweruka lina, atapempha chilolezo, anafika kuchipinda chotsukira zilonda ndi chitini cha penti wotsala ndi bulashi. Anayamba ndi benchi ija.

"Koma musaipale mpaka kutuluka magazi," anatero namwino.

"Iyi yokha ndiipala, anesi. Ilibe anthu mkati."

Anaseka onse, ndi akazi awo omwe, amene anabwera kudzawanyamulira chitini. Atatha benchi anapaka chitseko, kenaka khoma, ataimirira pa miyendo yawo iwiri, mpaka pomwe dzanja linalekezera. Kumtunda kunatsala. Makwerero akadali kwa mlamu wawo, ndipo mwini sitolo mpaka lero amauza anthu kuti a Bulashi anagwa ataledzera.