Kabawuti Kotsala

Mwana wathu wachiwiri timamutcha Kamasula, ndipo dzinali sitinamunamizire. Wayilesi, ayironi, wotchi yapakhoma, ngakhale makina anga osokera, zonse zinadutsa m'manja mwa mtsikana ameneyu. Kumasula ankatha, kubwezera ankathanso, koma nthawi zonse patebulo pankatsala kabawuti kamodzi. Bambo ake ankatola tibawutito n'kumaponya m'chitini cha mkaka. Akafuna kumuseka ankangochigwedeza.

"Injiniya wathu uyu," ankatero. "Mlatho wake ine sindidzawolokapo."

Kuyunivesite anamutenga, koma kumaphunziro a uphunzitsi. Mtima wake wonse unali ku uinjiniya, kumene salowa chisawawa. Atatha chaka choyamba anamva kuti ena amaloledwa kusamukirako. Ofuna anali khwimbi, malo awiri okha, ndipo mwayiwo sabwereza. Ine ndinamuuza kuti ayese, kugona pakati n'kuyambirira. Bambo ake anagwedeza chitini.

Mayeso olemba anakhoza. Kenako anaitanidwa kukayesedwa ntchito yamanja. Tsiku limenelo anabwera masana, nkhope ili yakugwa, n'kudzigwetsa pampando wa makasitomala.

"Amayi, zanga zada."

"Zatani, mwana wanga?"

"Aliyense anamupatsa pampu yamadzi yomasulamasula m'thireyi, kuti aimange. Yanga ndinamanga, inazungulira bwinobwino. Kuyang'ana m'thireyi, kabawuti!"

Ndinasiya kupalasa makina. Ngakhale kumeneko?

"Nanga anzako?"

"Mathireyi awo anali mbee. Wina ndinamuona akuponya kanthu m'thumba la shati, koma ine sindinathe, amayi. Kunyumba kuno ndinabisapo liti? Ndinakweza mkono, ndinawauza kuti katsala aka, sindinganene kuti ndamaliza. Ndinayamba kumasulanso, nthawi n'kutha pampu ili bwantasa."

Bambo ake anali pakhomo, akumva zonse. Ulendo uno chitini sanachikhudze, ndipo ndinawathokoza mumtima.

Patapita masiku foni ya Kamasula inalira tikupinda nsalu. Anali mkulu wa aphunzitsi a uinjiniya, mayi wa mawu okhuthala, moti tonse tinkamva. Anati kabawuti kaja anachita kukawonjezera dala m'thireyi iliyonse. Pampuyo inalibe malo ake. Ankafuna kuona amene angakabise ndi amene anganene, chifukwa munthu wobisa kabawuti lero adzabisa mng'alu wa mlatho mawa. Malo amodzi anali a Kamasula.

Ndinalira, osabisa. Ndinatuluka panja ndi tepi m'khosi kukauza mayi wogulitsa makala, amene sadziwa n'komwe kuti injiniya amadya chiyani. Nayenso anavina.

Pobwerera ndinapeza bambo ake a Kamasula atakhuthulira chitini chonse patebulo langa lodulira nsalu. Ankatola kamodzikamodzi.

"Aka n'ka wayilesi ija. Aka ka ayironi. Konseka unkabwera nako wekha, 'Ababa, katsala aka.' Ine n'kumakuseka."

"Ndiye mlatho wanga mudzawoloka, ababa?"

"Ndidzakhala woyamba. Amako adzanditsatira akaona kuti ndafika."

Chitinicho anachitsuka n'kubwezeramo tibawuti tonse, ndipo pano chimakhala pamwamba pa kabati, pamene tinkaikapo maluwa apulasitiki. Mlendo aliyense, ngakhale wongobwera kudzayesa diresi, sachoka asanachione. Bambo akewo amachitsitsa okha, amachigwedeza monga kale, kenako amati, "Mukuzimva? Ameneyu sanabisepo ngakhale kamodzi. Ndi mwana wanga."