Zibangiri za Shubhangi

Pafakitale yokonza nsomba m'tauni ya Ratnagiri lamulo ndi limodzi: cholowa m'chipinda chodulira ndi manja okha. Mphete, ndolo, zibangiri, zonse zimatsala pakhomo. Koma Shubhangi anali atangokwatiwa kumene, ndipo apongozi ake, mayi Indubai, sankafuna kumva zimenezo.

"Mwamuna wako ali panyanja, iwe uvule zibangiri zaukwati? Ukufuna umasiye? Bisa m'magolovesimo, akuona ndani!"

Shubhangi zinamuwawa, koma mkamwana angatani? Anakankhira zibangiri zagalasi zobiriwirazo m'magolovesi n'kulowa.

Ntchito yake inali yochotsa minga m'minofu ya nsomba, kuitsuka m'madzi oundana n'kuiyala m'mathireyi opita m'firiji. Chakumasana dzanja linamenya m'mphepete mwa tebulo. Khwee! Atasuzumira, chibangiri chimodzi chinali chitasweka, kachidutswa kena kosaoneka.

"Tseka pakamwa, iwe," ananong'ona Manda, mnzake wa patebulopo. "Si pali makina ofufuza kutsogoloku?"

Mayi Nasreen, oyang'anira ukhondo, anali ataima kumbuyo kwawo.

"Makinawo amagwira chitsulo, Manda. Galasi amalidutsitsa ngati nsomba. Iwe Shubhangi, vula magolovesi, mwanawe."

Anaimitsa tebulo lonse. Nsomba zonse zimene amayi a patebulopo anadula kuyambira m'mamawa, zala zitachita dzanzi ndi kuzizira, zinakhuthulidwira m'migolo yotaya. Abale, mawu amene anagwa pamenepo! "Mkwatibwi watigwiritsa ntchito ya bule!" Manda yemwe uja ndiye ankakuwa kuposa onse.

Mayi Nasreen anafufuza m'migolomo mpaka anapeza kachidutswa kaja katalowa mumnofu, kakang'ono ngati chikhadabo cha khanda. Anakaika m'dzanja la Shubhangi.

"Ukwati wako sindikulimbana nawo. Zibangiri uzizisiya pakhomo, uzivalanso poweruka. Koma aka kakanang'amba m'mero mwa munthu. Pita kunyumba, udikire kuitanidwa."

Shubhangi anafika kunyumba atakwiya. Anapeza apongozi akudyetsa kamdzukulu kawo mpunga ndi nsomba, akufinya nthongo iliyonse ndi zala kuopa minga.

"Chibangiri china chili kuti?" anafunsa mayi Indubai.

Shubhangi anatambasula dzanja.

"Chidutswa chake ndi ichi, amayi. Chinali m'nsomba yopita kwa mdzukulu wa munthu wina."

Zala za mayi Indubai zinaima m'mbale.

Phunziro: Mwambo uulemekeze, koma usaulowetse m'chakudya cha anthu. Nsomba imene ukukonza lero ikadyedwa ndi mwana wa mnzako.