Kuloza Pomwe Palibe Kanthu

Chipolopolo changa chinkalowa pachifuwa pa loboti ya mdani n'kutulukira kumsana, iyo osagwedera n'komwe. Ndinkaona ndi maso angawa moto ukuthetheka pachitsulo, koma gemu inkati sindinamenye kanthu. Mwezi wathunthu zili choncho.

Ine ndine namwino. Loweruka masana ndikapuma, ndimayendetsa chimphona chachitsulo m'gemu ya nkhondo ya pa intaneti, m'gulu la anthu anayi amene sitinaonanepo nkhope. Mtsogoleri wathu timamutcha Kaputeni, ndipo tsiku limenelo sanapite m'mbali.

"Asisi, za netiwekizo tatopa nazo," anatero m'mahedifoni. "Mukaphonyanso lero, malo anu tipatsa wina."

Zinandiwawa. Zaka ziwiri ndili m'gulumo, ndipo ndi malo okhawo amene palibe wondiitana kuti ndikasinthe bandeji.

Kumbuyo kwanga, pampando wa pazenera, panali apongozi anga aamuna. Chipumireni pantchito yoyendetsa kireni, makina aatali aja okweza zitsulo pomanga nyumba zosanjikizana, ankangokhala pamenepo ndi kapu ya tiyi, mawu awo osapitirira "zikomo". Ine ndinkayesa amawodzera.

"Mayi," anatero mwakachetechete, "pepani kulowerera. Chinthucho sichili pomwe mukuchionapo."

Ndinatsitsa mahedifoni. "Mwati bwanji, bambo?"

"Ndakhala ndikukuonerani mwezi wonsewu. Chimene mukuonacho ndi chithunzi chakale. Uthenga wanu ukamakafika kwa eni gemuwo, icho chasuntha kale mapazi awiri. Pa kireni n'chimodzimodzi. Ukakoka chogwirira, katundu sayenda pomwepo, amayamba waganiza kaye. Ukadikira kuti maso akuuze, wapha munthu pansi."

Anatulutsa supuni m'kapu, n'kukokera mpando pafupi.

"Lozani kutsogolo kwake, pomwe palibe kanthu. Ndikagogoda, womberani."

Kukana apongozi n'kovuta, komanso ndinalibe nzeru ina. Nkhondo itayamba, anzanga atatu anagwa mmodzimmodzi, ndinatsala ndekha ndi chimphona cha adani cha miyendo inayi, mizinga ili pamapewa. Chinkathamanga pakati pa nyumba zogumuka, fumbi lili koboo. Ndinaloza pakhoma lopanda kanthu, ndikudziona ngati wamisala.

Go! Supuni patebulo.

Ndinawombera. Mizinga yanga inapita mumphepo, chimphonacho chikadali kumbuyo. Kenaka chithunzi chinadumpha, ndipo chinthu chija chinapezeka chili pakhoma pomwepo, mwendo umodzi utathothoka, utsi uli tolotolo. Tsitsi linandiima.

"Musasangalale," anatero apongozi. "Lozani kumanzere."

Go! Phewa lake linang'ambika.

Kachitatu chala changa chinafuna kutsogola, koma iwo anakweza dzanja. "Dikirani, mphepo yasintha." Ankanena netiweki, yomwe inali itayamba kuchedwa kuposa poyamba. Ine sindinaone kusiyana kulikonse. Chimphonacho chinali chikunditembenukira, mzinga wotsalawo ukuloza pamaso panga, ndipo Kaputeni ankakuwa kuti ndiwombere. Supuni inali m'mwamba, phee.

Go!

Chinagwada, kenaka chinagwa chafufumimba, phokoso lake mpaka kapu inanjenjemera patebulo.

Nditatembenuka ndinapeza apongozi atatsinzina pang'ono, dzanja lamanzere lili m'malere, litagwira chogwirira chomwe panalibe. Ndinachita mantha, mantha a ulemu. Munthu ameneyu ankamva kuchedwa kwa kamphindi kosakwana kuphethira kwa diso, monga ine ndimamvera mtsempha pamkono wa wodwala. Zaka zisanu ndikuwaikira tiyi pazenera paja, sindinawafunsepo ngakhale tsiku limodzi kuti kumwamba kuja ankachita chiyani.

"Asisi!" Kaputeni anali pafupi kung'amba mahedifoni. "Mwadya chiyani lero? Malo ndi anu, ndani angakuchotseni!"

Ndinagwada pambali pa mpando wa apongozi.

"Bambo, munakhala zaka zingati pa kireni?"

"Makumi atatu ndi ziwiri," anatero. "Sindinagwetsepo ngakhale njerwa imodzi." Kenaka anandiyang'ana. "Ndinu woyamba kufunsa m'nyumba muno."

Manyazi anandigwira mpaka ndinasowa poyang'ana. Iwo anapukuta supuni ija ndi mpango, koma sanaibwezere m'kapu. Anaiika m'thumba la malaya.

"Loweruka likubwerali," anafunsa, "timayamba nthawi yanji?"